Mipeni Yanga Yopinda ndi Chipala cha Patsinde pa Phiri

Ana anga, m'bokosi lachitsulo limene limakhala kunsi kwa bedi langa muli mipeni yopinda isanu ndi iwiri, yokulungidwa m'kansanza konunkha mafuta a makina osokera, ndipo adzukulu akandipeza Loweruka masana nditaiyala pamphasa ndikuipukuta umodziumodzi, amagwa nako kuseka, amati agogo akulera zitsulo ngati makanda. Ndimawaleka aseke, poti mawu a akulu akoma akagonera.

Woyamba pa yonseyo udali wa malume anga, amene adapita ku Joni pa ulendo wa Wenela ine ndikadali mbusa wa mbuzi. Tsiku limene adabwerako mudzi wonse udasonkhana kudzaona sutukesi, bulangete lolemera ndi chipewa cha mlomo waukulu, koma maso a ife anyamata adali pa kanthu kamene adatulutsa m'thumba pofuna kusenda nzimbe. Udali Okapi, wa chigwiriro chamtengo chofiirira chopindikira pang'ono ngati nthochi, chokhala ndi kamwezi ndi tinyenyezi tachitsulo, ndipo potsegula unkalira kuti kererere, mano ake akudumpha pa kachitsulo ka kumsana, mpaka kukhazikika ndi mawu akuti khethe. Kuti autseke ankakoka kamphete ka pamwamba, ndipo ife tinkangoti kukamwa yasa ngati taona matsenga.

Ndidadzamva nditakula kuti mipeni imeneyi idayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, m'dziko la Germany, kuti izigulitsidwa kuno ku Africa, ndi kuti dzina lake ndi la nyama yamanyazi ya m'nkhalango za ku Congo. Mu 1988 ntchito yoipanga idasamukira ku South Africa. Zimenezi zisanachitike, njira ya Wenela idaimitsidwapo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu akwathu ochokera kumigodi. M'makomboni a ku Johannesburg mpeniwu udali ndi mbiri yoipa m'manja mwa atsotsi, koma m'manja mwa malume udali wopalira nsungwi za lichero, wosendera luzi, wodulira fodya wa chingambwe ndi wotumbulira mbuzi ya pa chinkhoswe. Akamaupereka kwa mnzawo ankagwira kuchitsulo, chigwiriro chiloze kwa wolandira, ndipo mwana akaulandira ndi dzanja limodzi ankadzudzulidwa pomwepo.

Koma mpeni umene ndimaukonda kuposa yonse ulibe dzina lililonse pa chitsulo chake. Adausula mkulu wina amene chipala chake chidali patsinde pa phiri, kufupi ndi kwathu ku Ntcheu, pansi pa kachisakasa kaudzu kodetsedwa ndi mwaye. Usanafike n'komwe, mphuno zinkayamba kulandira fungo la makala a mtengo wa tsanya ndi la nyanga yowauka, makutu n'kumamva mvukuto wachikopa cha mbuzi ukupuma ngati munthu wokwera chitunda, ndi nyundo ikuyankha pa chidutswa cha njanji. Ntchito yawo yeniyeni idali makasu, nkhwangwa ndi sompho, koma munthu ukawafika pamtima ankakusulira mpeni wopinda kuchokera ku tupa yakutha kapena sipuling'i ya galimoto, chigwiriro cha phingo kapena nyanga ya ng'ombe, ndi kamsomali kolumikizira kosinjidwa mitu yonse iwiri.

Kugula kwa mmisiri wotere sikudali kwa lero kongoloza ndi chala. Unkafika, kukhala pachitsa, kufunsa za kunyumba ndi za mvula, mwina kuthandizako kupopa mvukuto, kenaka m'pamene unkatchula chimene wadzera. Iwo ankakugwira dzanja, kuliyang'ana kukula kwake, n'kufunsa ngati mpeniwo ndi wa kumunda, wa kuulenje kapena wongonyadira. Unkasiya chikole, kaya ndi nkhuku kaya ndi tindalama, ndipo za tsiku lodzatenga ankangoti, "Mudzabwere tikakolola." Mtengo sitinkanenerera mpaka kumukhumudwitsa munthu, chifukwa tinkadziwa kuti mawa khasu likaguluka tidzagogoda pakhomo lomwelo.

Ine pa unyamata wanga ndidalakwa. Nditalandira malipiro anga oyamba a uphunzitsi, ndidafuna mpeni woti ndikaonetse anzanga pa tchuthi, ndipo ndinkapita kuchipala tsiku ndi tsiku ngati wokatenga ngongole. Mkulu uja adandiuza kuti, "Mwana wanga, chitsulo chikachoka m'mafuta chimakhala chaukali ngati galasi. Chimafuna kuchibwezera pamoto wofatsa mpaka chioneke ngati udzu wouma, apo ayi chidzakuchititsa manyazi." Ine osamva, ndidautenga usiku womwewo iwo akudandaula. Sabata isanathe, pofuna kutsegula chitini, nsonga idangoti thyo! Ndidabwerera nditazyolika, ndipo iwo sadanene kanthu koma kuseka pang'ono n'kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Adandisulira wina osalipiritsa, ndidadikira miyezi itatu, ndipo ndi umenewu umene mpaka lero umameta ubweya wa pamkono ukangolawa mwala wonolera.

Musaganize kuti khalidwe limeneli lidali la kumudzi kokha. M'bokosimo mulinso kampeni kakang'ono ka Joseph Rodgers kamene ndidagula m'sitolo ya Mmwenye ku Limbe, kokhala ndi chizindikiro cha nyenyezi ndi mtanda, kochokera ku Sheffield. Mzinda umenewo udatchuka chifukwa cha amisiri odziimira paokha, aliyense ndi kachipinda kake, wina wosula, wina wonola, wina woika zigwiriro. Mmodzi mwa otsiriza, Stan Shaw, adagwira ntchito mpaka ukalamba wake ku Kelham Island Museum, ndipo adamwalira mu 2021 ali ndi zaka 94. Ofuna mipeni yake ankalembetsa n'kudikira zaka. Nditamva zimenezi ndidati, kani miyezi itatu yanga ija idali yochepa.

Lero mipeni yadzaza pa msika wa Lizulu ndi m'misika ina yonse, yonyezimira ngati kalilole, ya zigwiriro zapulasitiki zamitundumitundu, yotsika mtengo moti mwana angagule ndi ndalama ya mandasi. Sindiinyoza, imasenda mbatata ndithu, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ikabuntha kapena kusweka palibe khomo limene ungakagogode, umangoitaya kudzala n'kugula wina. Mdzukulu wanga wandionetsa pa foni kuti alipo achinyamata kunjaku amene ayambanso kusula mipeni pamanja, ndipo ogula amatumiza chikole n'kudikira monga tinkachitira ife. Mtima wanga udakondwa. Mukadzapeza mmisiri wotere, ana anga, musamuthamangitse, mulipireni mokwanira, ndipo mufunseni chitsulo chake adachitenga kuti.

Chipala chija chidagwa kalekale, pamalopo pamera chimanga. Koma ndikatsegula mpeni wa phingo uja, chala changa chimapeza kadzenje kamene mkuluyo adasema poyeza dzanja langa, ndipo mpaka pano chimakwanamo ndendende.