Nkhani imene munalibe m'buku la mnzanga

Tinakangana pa WhatsApp masiku awiri athunthu, ine ndi mnzanga wina amene amaphunzitsa ku Lusaka. Ndinali nditamutumizira nkhani imene ndinamasulira m'Chichewa kuchokera m'buku la Ray Bradbury, The Martian Chronicles, kuti aiyerekeze ndi Chingerezi chake n'kundiuza pamene ndaphonya. Yankho linabwera usiku: "Aise, nkhani imeneyi waitenga kuti? M'buku muno mulibe." Ndinamuuza kuti ayang'anenso, ili chapakati, pamutu wa June 2003. Iye anati buku lake lilibe chaka cha 2003 n'komwe, likuyambira mu 2030. Titatumizirana zithunzi za tsamba la zam'katimu, tinapeza kuti palibe amene ankanama.

Langa ndi kope lakale la Bantam, lothothoka chikuto chakumbuyo, limene ndinagula kwa venda wa mabuku ku Limbe ndili ku sekondale. Lake ndi latsopano, lotsatira kope la 1997. Mutu ndi umodzi, wolemba ndi mmodzi, koma zam'kati n'zosiyana. Ndinachita manyazi pang'ono, poti ntchito yanga ndi yomasulira ndipo funso loyamba la womasulira liyenera kukhala lakuti: kodi ndagwira kope liti?

Bukuli silinabadwe ngati buku. Nkhani zake zambiri zinayamba kutuluka imodziimodzi m'magazini otchipa a ku America monga Planet Stories ndi Thrilling Wonder Stories, amene ankalipira wolemba powerenga mawu. Nkhani imene imatseka bukuli, "The Million-Year Picnic", ndi imene inatsogola kutuluka, mu 1946. Ina ya mu 1948 yotchedwa "Mars Is Heaven!" inasinthidwa dzina polowa m'buku n'kukhala "The Third Expedition". Mu 1949 Bradbury anakwera basi kuchoka ku Los Angeles kupita ku New York kukasaka wom'sindikizira, mkazi wake ali woyembekezera, m'thumba muli mbee. Kulikonse ankamufunsa ngati ali ndi buku la nkhani imodzi yaitali, chifukwa mitolo ya nkhani zazifupi sinkayenda malonda. Amene anam'tsegula maso anali mkonzi wa ku Doubleday, Walter Bradbury, wofanana naye dzina chabe, osati m'bale wake. Iye anam'funsa ngati sangalumikize nkhani zake za ku Mars kuti zioneke ngati buku limodzi. Bradbury anachezera usiku m'kachipinda kake ku YMCA kulemba ndondomeko, ndipo bukulo linatuluka mu 1950, nkhani iliyonse itapatsidwa mwezi ndi chaka, kuyambira January 1999 mpaka October 2026, pakati atasokererapo timitu tatifupi.

Kasokedwe kotere kanali kofala, moti wolemba wina, A. E. van Vogt, anakapatsa dzina lakuti fix-up. Ine ndimangoti buku la zigamba. I, Robot ya Isaac Asimov, imene Gnome Press inatulutsa chaka chomwecho cha 1950, ndi nkhani 9 za m'magazini zomangidwa pamodzi ndi zokamba za Susan Calvin, ndipo ngakhale mutu wake anasankha ndi wosindikiza, atautenga pa nkhani yakale ya Eando Binder, Asimov asakufuna.

Chosokedwa chimasomokanso mosavuta. Mu 1951 kampani ya Rupert Hart-Davis ku London inatulutsa buku la Bradbury ndi mutu wakuti The Silver Locusts, itachotsamo "Usher II" n'kuikamo "The Fire Balloons". Mutu umenewu ndimaukonda kuposa weniweniwo, ndisabise. Dzombe la siliva: maroketi akutera pa dziko la eni n'kudya chilichonse. Aliyense amene anamvapo agogo ake akusimba za dzombe safunika kum'fotokozera. Kenako mu 1997, chaka cha 1999 chitayandikira anthu asanapondeko ku Mars, masiku onse a m'bukumo anakankhidwira kutsogolo ndi zaka 31. Pa kusintha komweko "The Fire Balloons" ndi "The Wilderness" zinalowa, ndipo "Way in the Middle of the Air" inatuluka. Imeneyi ndiyo nkhani imene mnzanga sanaipeze.

Nkhaniyi imachitikira m'tauni ina ya kummwera kwa America. Anthu onse akuda asonkha ndalama mwakachetechete, akonza maroketi awo, ndipo tsiku limenelo akudutsa mumsewu ndi katundu wawo kupita ku Mars. Azungu ali pakhonde la sitolo ya Samuel Teece, akungoyang'ana. Teece aimitsa bambo wina dzina lake Belter chifukwa cha ngongole ya madola 50, koma khamulo lisonkherana pomwepo n'kumulipirira. Ayesanso kugwira mnyamata wake wantchito, Silly, pomuonetsa pepala la mgwirizano limene anasainira, koma zikanikanso. Galimoto ikunyamuka, mnyamatayo afunsa abwana akewo kuti tsopano azichita chiyani usiku. Teece achedwa kumva tanthauzo lake: usiku ndi pamene iye ndi anzake ankayenda ndi mfuti ndi chingwe kukapachika anthu akuda. Awathamangira pagalimoto, koma msewu wadzaza ndi katundu amene anthu aja atula mwadongosolo, poona kuti sakumufunanso.

Ndikumva chifukwa chimene munthu angaichotsere. Muli mawu achipongwe aja onyozera anthu akuda, obwerezedwabwerezedwa. Anthu akudawo timawaona kuchokera pakhonde la azungu basi, ngati mtsinje wodutsa, ndipo mayankhulidwe awo analembedwa ndi mzungu wa ku Illinois mmene iye ankawamvera. Komanso ukasuntha masiku, tsankho la m'ma 1940 limakagwera mu 2034. Zonsezi n'zoona. Koma ukaichotsa, buku limene likunena za kulanda dziko la eni limatsala lopanda anthu okhawo amene anali ndi chifukwa chomveka chothawira pa dziko lino. Imamasukanso mfundo ina: mu The Illustrated Man, buku la 1951, muli "The Other Foot", m'mene anthu akuda okhala ku Mars akudikira roketi ya mzungu n'kumakambirana zoti amuchite. Wowerenga kope la 1997 sadziwa kuti Bradbury anali atalembapo kale za ulendo wopita kumeneko.

Choncho ndinasankha kutsatira kope la 1950, ndi masiku ake akale, ndipo m'mawu oyamba ndidzafotokoza za makope enawo. Kusankha kunali kophweka. Kumasulira ndiye kwandidyera miyezi. Mawu achipongwe aja alibe mnzake m'Chichewa. Mnzanga wa ku Lusaka anati ndibwereke aja a ku South Africa, amene tonse m'chigawo chino timawadziwa, koma amenewo ali ndi mbiri yawoyawo, ndipo angasamutse Teece kuchoka ku America n'kukamuika pa famu ya ku Transvaal. Pa pepala la mgwirizano wa Silly ndinalembapo "thangata" kenako n'kufufuta pa chifukwa chomwecho. Pakadali pano mawu achipongwewo ndawasiya m'Chingerezi, ndipo ndikawawerenga mokweza amandibaya, monga ayenera kutero.

Pali pamodzi pomwe Chichewa chinandipatsa zoposa zimene ndinapempha. M'Chingerezi, Teece ndi Silly amatchulana ndi liwu limodzi lomwelo. Kwathu sizingatheke: Teece amati "iwe", mnyamatayo amati "inu, bwana". Ndiye pa funso lija la usiku dzanja linandiyabwa kuti Silly, ali kale pagalimoto, anene "iwe" kamodzi kokha. Ndinalemba, ndipo linakoma. Koma nkhaniyi imatha Teece atabwerera pakhonde, maroketi atapita, akudzitonthoza pamaso pa anzake kuti mnyamata uja anam'patsabe ulemu mpaka pomaliza. Ndi chokhacho chimene chamutsalira, ndipo ndikamulanda ndiye kuti nanenso ndayamba kusomola buku la mwini. Ndinabwezeretsa "inu". Mnzanga wa ku Lusaka akuti ndinalakwitsa, ndipo wapeza kope lakale kuti tikangane bwino.