Kwa Misozi, amene wayamba kuphunzitsa kuseri kwa mpanda

Misozi mwana wanga,

Ndasankha kalata chifukwa pafoni sitimalizana. Ukangoti "Mwadzuka bwanji amayi," ndimamva nsapato zikugogoda m'khonde, kenako "Ndikuimbiraninso." Kuchokera pa yunivesite kufika kuno ku Kalingalinga munthu sakwera basi, koma tikuonana ngati uli ku Katete.

Kuno tili bwino. Mwendo wa agogo ako ukutupabe madzulo, koma kudya akudya. Mlongo wako Dalitso wapeza pogwira kwa anyamata owotcherera zitseko ndi mawindo m'mbali mwa Alick Nkhata Road. Amabwera maso ali psuu, magalasi akuti amamutentha. Ukabwera umukalipire ndiwe, ine watopa nane.

Pepala lija unandisiyira kuti nditayipe, la mabuku amene ana ako a sociology a chaka choyamba aziwerenga, ndamaliza. Chaka cha buku la C. Wright Mills unalakwitsa, ndi 1959, ndakonza. Koma ndili nawo mawu.

Amako sanakhalepo m'kalasi la yunivesite, zimenezo ukudziwa. Zanga ndinatolera pa makina, poyamba aja a riboni, kenako kompyuta, ndikutayipira ophunzira malipoti awo a chaka chomaliza. Iwe unkagona pamphasa pansi pa tebulo. Munthu akatayipa mayina a mabuku kumapeto kwa malipoti chaka ndi chaka, amayamba kudziwa amene amabwerabwera. Ena ndinkawabwereka kwa eni malipoti, n'kuwabweza m'mawa.

Papepala pako pali Giddens, pali Haralambos ndi Holborn, pali Marx, Weber, ndi Durkheim ndi buku lake la 1897 lonena za kudzipha. Usachotsepo ngakhale mmodzi. Durkheim anaonetsa kuti chimene munthu amachita yekhayekha atadzitsekera m'chipinda chimachuluka kapena kuchepa malinga ndi mmene anthu a dera lake agwiranirana. Zimenezo n'zofunika ku Chawama ngati mmene zilili ku Paris.

Koma ndayenda ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, Zambia sindinaipeze. Mwana wa ku George adzaloweza za mabanja a ogwira ntchito m'mafakitale a ku England, alembe mayeso, akhoze bwinobwino, osadziwa kuti komboni yakwawo ili ndi buku lakelake.

Ili nalo, mama. Ann Schlyter wa ku Sweden ndi Thomas Schlyter anatulutsa buku la George mu 1979, akutsata mmene nyumba zinkasinthira, ndipo mu 1999 mayiyo analembanso za anyamata ndi atsikana a komweko. Bennetta Jules-Rosette analemba za Marrapodi ndi mipingo yake mu 1981. Karen Tranberg Hansen anafika ku Mtendere mu 1971, n'kumabwerera ku makomo omwewo kwa zaka zambiri, mpaka mu 1997 anatulutsa Keeping House in Lusaka. M'menemo muli zimene iwe unakula ukuziona: mayi wogulitsa tomato pakhomo, mwamuna wosanena malipiro ake, mkangano wa mwini nyumba ndani banja likatha. Pa sabata imene walemba kuti muphunzira za banja, bwanji osayamba ndi Mtendere, poti ena mwa ana akowo amagona komweko?

Hansen yemweyo mu 2000 analemba Salaula. Mfundo yake inandikhalira: ife sitimangovala zotaya za azungu, timasankha, timapita nazo kwa telala, timabweza m'chiuno, mpaka chovala chikhale chathu. Mabuku ako a ku London nawonso ndi salaula. Nsalu ndi yolimba, koma anasokera thupi lina. Telala ndiwe.

Ndipo usaganize kuti za kuno n'zongowonjezera pa maphunziro enieni. Rhodes-Livingstone Institute inayamba ku Livingstone mu 1938, kenako inasamukira kuno ku Lusaka, ndipo ndiyo lero mukuitcha INESOR, ya yunivesite yako yomweyo. Mkulu wake woyamba, Godfrey Wilson, anafufuza moyo wa ogwira ntchito ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe. Max Gluckman, amene anamulowa m'malo, anapita kukayambitsa dipatimenti ku Manchester, ndipo njira zimene anazikulitsa kumeneko zinaphukira m'midzi ndi m'migodi ya dziko lino. Azungu anabwera kudzaphunzira tauni kwa ife. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti ife tizikaiphunzira kwa iwo okha.

Kabuku kamodzi ndikukupempha mogwada kuti ukaikepo, The Kalela Dance ka Clyde Mitchell, ka 1956. N'kakafupi, mwana akhoza kukamaliza Loweruka limodzi. Mitchell anaonerera anyamata achibisa ku Luanshya akuvina atavala zaudongo zachizungu, akuimba zonyogodola mitundu ina, n'kufunsa kuti mtundu umatanthauza chiyani munthu akafika m'tauni. Anakambamonso za chimbuya. Ukumbukira pa maliro a atate ako, mmene azimayi achibemba anatithira ufa kumutu, natilipiritsa, koma n'kukhala iwo omwe otunga madzi ndi kuphika mpaka tsiku loika? Uwapatse ana kabukuko, kenako uwafunse za maliro omaliza amene anapitako. Udzaona ngati kalasi lidzakhale chete.

Ndiye pali Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa akwathu kum'mawa n'kutulutsa Sorcery in its Social Setting mu 1965. Anapeza kuti anthu ambiri otchulana ufiti ndi apachibale a mbumba imodzi, olimbirana chuma chamasiye ndi maudindo. Nditawafotokozera agogo ako anaseka mpaka kutsokomola, ati mzunguyo anavutikiranji, akanangowafunsa iwo. Komabe uliike. Mwana akaona nkhani yakwawo itayalidwa mwadongosolo, amayamba kuiona ndi maso ena, ndipo mwina adzatsutsana naye Marwickyo, zomwe n'zabwino koposa.

Nkhawa yanga pa mabuku amenewa nayi. Anasindikizidwa kutali, ku New York, ku Chicago, ku Uppsala, ku Manchester, ndipo mtengo wake ndi wa madola ndi mapaundi. Azimayi amene anakhala pa mpando wa ndalema kuyankha mafunso sanawaonepo. Anyamata achikuda amene ankamasulira, kuwerenga nyumba ndi kulemba zokamba za anthu, ambiri mayina awo anathera m'mawu othokoza. Lyn Schumaker analemba za iwowa mu 2001 m'buku lake Africanizing Anthropology. Uwauze ana ako zimenezi poyera. Adziwe kuti buku lililonse lili ndi amene anagwira cholembera ndi amene anangofunsidwa.

N'chifukwa chake ndikufuna uikeponso zolemba za anthu a kuno. Ku Special Collections mu laibulale yanu muli malipoti a ophunzira a zaka zambirimbiri, ndipo ambiri a madigiri apamwamba anaikidwa pa intaneti ya yunivesite, aliyense akhoza kuwatsitsa ulele. Ena ndi ofooka, ndikudziwa, poti ena ndinatayipa ndine. Koma lipoti lofooka la za ana a m'misewu ya Lusaka limaphunzitsa kanthu: upatse gulu, alipeze pomwe likutsimphina. Pa African Journals Online palinso zolemba za akatswiri a mu Africa muno. Ziwerengero zili kwa a ZamStats: kalembera wa 2022 anapeza kuti tinalipo pafupifupi 19.6 miliyoni. Mwana aphunzire kutsegula tebulo la kalembera n'kupeza dera lakwawo, asamangoti "anthu ambiri."

Tsopano za mmene ana akowo amawerengera, poti mwina waiwala msanga. Chipinda chakuseri chija ndaikamo atsikana a pa yunivesite. Usiku ndikadutsa pawindo ndimawaona atapanikizana pabedi, foni imodzi yosweka galasi ili pakati, wina akukulitsa tsamba ndi zala ziwiri, wina akukopera m'kope. Bandulo ikatha, kuwerenga kwatha. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankapita kuposa theka la tsiku, ndipo atsikanawo ankapita kukatchajitsa foni kwa wometa tsitsi amene ali ndi jenereta. Mapepala amene amabwera nawo kuti ndiwachulukitsire ndi fotokope ya fotokope, mawu a m'mphepete anadyeka kale, mwana amangoganizira mmene chiganizo chinathera.

Choncho usawatumizire buku la masamba mazanamazana n'kunena kuti werengani. Sankha mutu umodzi, fayilo yopepuka yotseguka pafoni yotchipa, ndipo unene masamba. Buku loyambira la OpenStax ndi laulere mwalamulo, lingathandize amene sangakwanitse Giddens, ngakhale zitsanzo zake ndi za ku America. Ndalama ya chakudya imene boma linachotsa mu 2019 n'kuibweza mu 2023 sifikira aliyense, ndipo amene amailandira amagawanako ndi akunyumba. Ukalamula buku logula, dziwa kuti walamula wina kugona ndi njala.

Pali chinanso chimene ndikuona pa makina anga masiku ano. Ana akubwera ndi nkhani zosalala, Chingerezi chosapunthwa, koma mulibe dzina la msewu, la msika, ngakhale la munthu. ChatGPT ndiye walemba. Kuwakalipira sikuthandiza. Uwafunse funso loti makinawo sangayankhe: pa kiyosiki ya madzi yakwanu amayamba kutunga ndani, amadumpha mzere ndani, ndipo amamulekerera chifukwa chiyani? Ameneyo ayenera kudzuka m'mamawa ndi chigubu.

Ukafika pa sabata ya mizinda, Kanyama akukwanira. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inamenya kwambiri kumeneko, ndipo ya 2023 mpaka 2024 inadzaza odwala mu National Heroes Stadium, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Pawailesi ankati anthu a m'komboni ndi auve. Iwe uwaonetse ana kuti pansi pa Kanyama pali thanthwe lamiyala ya laimu lokhala ndi mphako, madzi ali pafupi, zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya zimamwerana, ndipo mvula ikagwa zonse zimasakanikirana. Kenako ufunse kuti anthu anapezeka bwanji pamalo otero.

Yankho lili mu 1935, pamene Lusaka inakhala likulu. Anaikonzera azungu, munthu wakuda ankamuwerengera ngati wantchito wodutsa amene adzabwerera kumudzi. Matero anamangidwa ndi boma m'zaka za m'ma 1950, koma nyumba sizinakwane, anthu n'kumanga m'mafamu ndi m'makwale a azungu. Mayina aja a George, John Laing ndi John Howard ndi a eni malo. Lamulo la 1974 ndilo linavomereza makomboni ena, n'kupatsa anthu chikalata chokhalira pamalo zaka 30, ndipo ngongole ya World Bank inabweretsa misewu ndi mipopi ku Chawama, George ndi Chaisa. Kuno kwathu zinafika m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la Ajeremani. Lero ukuona wekha maofesi ndi mashopu akulowa, anansi athu akugulitsa mapuloti n'kusamukira kutali. Amake Chisomo nawonso asamuka mwezi watha. Mwana amene wamvetsa nkhani imeneyi, Marx sadzamuvuta.

Koma ukawatuma m'komboni, uwalange kaye. Anthu kuno atopa ndi mapepala a mafunso. Amabwera atsikana onunkhira, osapereka moni, n'kufunsa kuti mumadya kangati patsiku, kujambula chimbudzi, basi osaonekanso. Ako apereke moni, akhale pansi akapatsidwa mpando, alankhule chinenero cha mwini khomo, asajambule osapempha, asalembe dzina la munthu. Akamaliza abwerere kukanena zimene apeza, ngakhale pansi pa mtengo. Azimayi a chilimba chathu ndawafunsa, avomera kucheza ndi gulu laling'ono, afotokoze mmene ndalama imazungulira popanda pepala la loya, ndi chimene chimachitika wina akathawa nayo. Za ngongole za kaloba akuti sakamba ndi alendo.

Apa ndikudzudzule pang'ono, mwana wanga. Tsiku la chikondwerero chako, mnzako wina atafunsa kumene umakhala, ndinakumva ukuti "cha ku Mass Media." Sindinanene kanthu, linali tsiku lako. Koma m'kalasi mwakomo mwakhala ana a ku Kanyama, a ku Chawama, a ku Matero, ndipo nawonso akubisa. Mphunzitsi wawo akanena pakamwa pake kuti ine ndinakulira ku Kalingalinga, ndinatunga madzi pampopi wa onse, adzayamba kukweza manja. Ukabisa iwe, adzakulembera za England mpaka amalize.

Denga la chipinda cha atsikana likudontha pakona, ndikufuna malata awiri mvula isanayambe. Chilimba changa chikubwera mwezi wamawa, ndiye usadandaule za ndalama, ungondipezera mmisiri wosathawa ndi zakutsogolo.

Pomaliza ndikupempha undibwerekere Keeping House in Lusaka, ngakhale kwa sabata imodzi. Azakhali ako a ku Mtendere akuti amakumbukira mzungu wamkazi amene ankayenda ndi kope m'makomo iwo ali mtsikana, ndipo akufuna wina awawerengere m'Chinyanja kuti amve ngati analemba zoona. Ndawalonjeza kuti tipita tonse Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Ubwere ndi chitenje, ndipo agogo ako akuti usaiwale mafuta aja opaka mwendo.

Ndine amako,
Naphiri