Tchuthi Chopanda Belu

Anzanga aseminale, abambo ansembe ndi inu makolo athu okondedwa, palibe mwana wa sukulu amene amadana ndi tchuthi. Ife a kuseminale ndiye timachikonda koposa, pakuti timatha miyezi itatu yathunthu osawaona abale athu ndiponso osalawa ndiwo zophika mayi. Tchuthi chachikulu, chimene chimatenga mwezi wonse wa Ogasiti, timayamba kuchiwerengera masiku mayeso asanayambe n'komwe. Koma ine ndaona kuti tchuthi chimenechi ndi mayeso enanso, ndipo ndi ovuta kuposa a masamu.

Kuno ku seminale belu ndilo limatiganizira. Likalira m'mamawa timadzuka, likaliranso tili m'tchalitchi ku Misa, kenaka m'kalasi, ku ntchito za manja, ku masewero, ku Kolona mpaka ku mapemphero ogonera. Ngakhale munthu waulesi amapezeka kuti wapemphera. Kumudzi kulibe belu. Kuli tambala, kuli khasu, ndiponso kuli anthu ambiri amene aliyense wa iwo akukudikira ndi ntchito yake.

Kwathu ndi m'boma la Dedza, kumapiri kozizira, ndipo ndine woyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Bambo anga sali pa ntchito ya malipiro. Chuma chathu chonse chili kudimba kumene timalima mbatatesi, tomato, kabichi ndi anyezi. Fizi imene imandisunga pano, sopo, nsapato ngakhale ndalama yokwerera basi, zonsezi zimachokera m'dambo limenelo. M'mwezi wa Ogasiti mvula kulibe, choncho mbewu zimadalira madzi a pachitsime amene timathirira ndi makheni m'mawa ndi madzulo. Ndi nyengo yomweyonso yososa m'munda wa chimanga, youmba njerwa ndi kuzitentha mvula isanabwere. Popeza anthu amakhala atakolola, maukwati ndi ziliza zimachulukanso nthawi imeneyi. Ndikafika ine, bambo amaona kuti manja awonjezereka pakhomo, ndipo salakwa kuganiza choncho.

Mbali inayi, Mpingo nawo umandidikira. Lamulo lathu mukulidziwa: mseminale akafika kwawo ayenera kukaonekera kwa Bambo Mfumu wa parishi yake, ndipo potsegulira sukulu amabwera ndi kalata yofotokoza m'mene wakhalira. Parishi yathu ili pa mtunda wa makilomita 12 kuchokera kwathu, ndipo ndimapitako pa njinga ya bambo. Tchalitchi chathu cha kumudzi ndi chaching'ono, wansembe amafikako kamodzi pa mwezi. Masabata enawo akatekisiti ndiwo amatsogolera mapemphero. Chaka chino ndinapatsidwa ntchito zinayi: kuwerenga Mawu a Mulungu Lamulungu, kutumikira pa guwa wansembe akabwera, kuphunzitsa katekisimu ana okonzekera Ukaristia woyamba Loweruka lililonse m'mawa, ndi kukhala nawo pa mapemphero a mphakati Lachinayi masana.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Loweruka m'mawa ndi nthawi yomwenso ife timanyamula tomato kupita naye kumsika wa m'mbali mwa msewu waukulu, kumene ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amafika dzuwa lisanakwere. Tomato sadikira munthu. Akapsa wapsa, ukachedwa tsiku limodzi umagulitsa motaya. Bambo amadwala msana, sangathe kukankha njinga ya madengu awiri pa chitunda, ndipo mng'ono wanga ali ndi zaka 11 zokha. Kutchalitchi nako ana 23 amakhala atakhala pansi pa mtengo kudikira mphunzitsi wawo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinaona kuti mvula imeneyi ikubwera.

Chimene chinandilasa mtima kwambiri ndi mawu a malume anga, amene ndiwo eni mbumba. Atamva za ntchito zanga za kutchalitchi anafunsa bambo, ine ndili pomwepo: "Alamu, kodi mwanayu munampereka kale kwa ansembe? Nanga pakhomo pano adzakuthandizani ndani?" Bambo sanayankhe, anangoyang'ana pansi. Malume si munthu woipa. Funso lawo ndi limene limakhala m'mitima ya makolo ambiri amene ali ndi mwana ku seminale, makamaka ngati mwanayo ndi woyamba. Iwo akudziwa kuti ngati Mulungu alola kuti ndipitirire ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba mpaka kudzozedwa, sindidzakhala ndi banja langa kapena malipiro oti n'kuphunzitsira azing'ono anga. Ndinazindikira kuti m'mene ndingakhalire pa tchuthi chimenechi ndiye yankho limene malume adzamve, kuposa mawu alionse amene ndikanalankhula.

Usiku womwewo, titatha kudya, ndinapempha bambo ndi mayi kuti tikhale pansi. Ndinawauza ntchito zonse zimene ndapatsidwa ndi masiku ake, iwonso anandiuza zimene akufuna kuti zitheke ndisanabwerere: njerwa za khitchini, kusosa munda wa kumtunda, msika wa Loweruka ndi chiliza cha agogo aamuna. Ndinazilemba zonse kumapeto kwa kope langa. M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita nalo kopelo kwa Bambo Mfumu. Ndinkaopa kuti mwina aganiza kuti ndikuthawa ntchito ya Mulungu, koma ataliwerenga anaseka nati, "Mwana wanga, dimba limeneli ndi limene likukuphunzitsa. Usaliyese mdani wa maitanidwe ako. Pita ukauze akatekisiti kuti ana azibwera masana." Kuyambira sabata imeneyo katekisimu inkayamba 2 koloko. Bambo nawo anandimasula Lachinayi lililonse masana kuti ndipite ku mphakati, ndipo mayi ndi mlongo wanga ankathirira m'malo mwanga. Nkhani imene inkaoneka ngati phiri inatha ndi kukambirana kwa madzulo amodzi ndi ulendo umodzi wa pa njinga. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Ndisanene ngati kuti zonse zinakhala zofewa. Loweruka ndinkadzuka 4 koloko, kuzizira kuli m'mafupa, kukankha njinga mpaka kumsika, kulimbana ndi ogula pa mtengo, kubwerera, kusamba, kenaka kukaima pamaso pa ana ndi kuwaphunzitsa za masakramenti asanu ndi awiri miyendo ikunjenjemera. Koma ndinaona chinthu chimodzi. Ana aja ankandimvera bwino chifukwa ambiri a iwo anali atandiona kumsika m'mawa womwewo ndili thukuta lokhalokha. Pofotokoza za mkate ndi vinyo, kuti ndi zipatso za nthaka ndi za ntchito ya anthu, sindinavutike kupeza chitsanzo. Zikhatho zanga zinali ndi matuza.

Chiliza cha agogo chinali mayeso ena. Achibale anagwirizana kuti mwambo uchitike Lamulungu, pakuti ndilo tsiku limene a kutauni akanatha kubwera. Pa mtundu wathu si onse Akatolika. Ena ndi a mipingo ina, ena amatsata za makolo. Lachisanu ndi Loweruka ndinatuta nawo mchenga ndi madzi, ndi kuponda nawo simenti pamodzi ndi amisiri. Kenaka ndinapita kwa malume ndi kuwapempha mwaulemu kuti Lamulungu m'mawa andilole ndiyambe ndapita kutchalitchi, ndiponso kuti a mphakati wathu abwere kudzapempherera mzimu wa agogo, popeza anamwalira ali mkhristu. Ndinawauzanso kuti pa za mowa ndi za usiku ine sindidzakhalapo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Wagwira ntchito, mphwanga. Pita, koma usachedwe." Ndikhulupirira kuti akanandiona masiku awiri aja nditapinda manja ndi buku la mapemphero, yankho likanakhala lina.

Nanga pemphero langa la ine mwini? Ili ndilo limavuta kuposa zonse, chifukwa palibe amene amaliona ndipo silimalembedwa m'kalata ya Bambo Mfumu. Munthu ukhoza kukhala wotanganidwa ndi za tchalitchi sabata yonse koma osalankhula ndi Mwini tchalitchiyo. Ine ndinasankha zinthu zochepa zoti ndingazikwanitse tsiku lililonse. Ndikadzuka ndimagwada pamphasa ndi kupereka tsiku langa kwa Mulungu, ndi kuwerenga Mthenga Wabwino wa tsikulo ndi tochi. Dzuwa likafika pamutu ndimaika kheni pansi ndi kunena pemphero la Mngelo konko kudambo. Madzulo timanena Kolona banja lonse. Masiku amene tatopa kwambiri timanena chigawo chimodzi chokha, koma sitidumpha. Ndinakalapanso kawiri, masiku amene ndinapita ku parishi. Poyamba azing'ono anga ankagona Kolona ili mkati, koma pofika sabata yachitatu ankalimbirana kutsogolera.

Tinaphunzira m'kalasi kuti Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1964, unatchula banja kuti ndi ngati Mpingo wa m'nyumba, ndi kuti Sinodi ya Africa ya mu 1994 inasankha kuuona Mpingo ngati Banja la Mulungu. Ndinkaziloweza zimenezi kuti ndikhoze mayeso. Ndinadzazimvetsa pamene ndinaona mayi anga, amene sanapitirire Sitandade 5, akufotokoza Mawu a Mulungu ku mphakati momveka bwino kuposa m'mene ine wa Fomu 3 ndikanachitira. Seminale yanga yoyamba inali pa mphasa ya mayi amenewa, ndipo pa tchuthi ndimabwerera ku sukulu yanga yakale.

Ambuye Yesu mwini anadutsamo m'zimenezi. Luka woyera, pa mutu 2, akutiuza kuti ali ndi zaka 12 anatsalira m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, makolo ake namufunafuna masiku atatu ali ndi nkhawa. Iye anadziwa kuti ali ndi ntchito ya Atate ake, komabe anabwerera nawo ku Nazarete nawamvera. Anayamba kulalika ali ndi zaka ngati 30, ndipo anthu a kwawo ankamudziwa ngati mmisiri wa matabwa. Mwezi wa Ogasiti womwewu uli ndi oyera amene amatiphunzitsa zofanana. Pa 4 timakumbukira Yohane Maria Vianney, nkhoswe ya ansembe a m'maparishi, amene ali mnyamata ankaweta ziweto ndi kulima m'munda wa bambo ake ku France. Pa 27 timakumbukira Monika woyera ndipo pa 28 mwana wake Augustino, amene anabatizidwa m'chaka cha 387 mayi ake atamupempherera ndi misozi zaka zambiri. Palibe mmodzi wa iwo amene anafika kwa Mulungu molambalala banja lake.

Anzanga, pa tchuthi pali maenje awiri. Loyamba ndi kubisala kumbuyo kwa tchalitchi pothawa khasu. Kumudzi ena amayamba kale kutitchula kuti "abambo", amatipatsa mpando pamene akuluakulu akhala pansi, ndipo n'kosavuta kuyamba kuyenda ndi malaya oyera tsiku lonse makolo akupsa ndi dzuwa. Lachiwiri ndi kubisala kumbuyo kwa khasu pothawa pemphero, kumati ndatopa, ndipemphera mawa, mpaka tchuthi kutha. Pambali pa maenje amenewa pali timisampha tina: nyumba za kanema pa sitolo, foni ya mnzako imene imadya usiku wonse, ndi macheza amene mseminale aliyense akuwadziwa kumene amathera. Mpira sindiuletsa, inenso ndinasewera Lamulungu masana aliwonse ndi anyamata a m'mudzi. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kwa inu makolo, pempho langa ndi lakuti musatione ngati alendo tikabwera. Tipatseni khasu, titumeni kuchigayo, tidzudzuleni tikalakwa. Komanso belu la kutchalitchi likalira timasuleni ndi mtima woyera, ndipo madzulo gwadani nafe. Kwa inu abambo ansembe, zikomo chifukwa cha kutilandira m'maparishi mwanu. Potipatsa ntchito muzitifunsako za kunyumba, pakuti ena a ife fizi yathu ili m'dengu la tomato, ena akusamala agogo odwala, ena ndi amasiye. Ndipo kwa inu anzanga, makamaka a Fomu 1 amene tchuthi chachikulu simunachilawe, musadikire kuti mavuto ayambe. Tsiku loyamba lomwelo khalani pansi ndi makolo, lachiwiri kaonekereni kwa Bambo Mfumu, ndipo sankhani mapemphero ochepa amene simudzawasiya zivute zitani.

Njerwa za khitchini tinaumba ndi kutentha, munda wa kumtunda tinasosa, ndipo ana anga a katekisimu akuyembekeza kulandira Ukaristia woyamba. Ngati ndidzafike pa guwa ngati wansembe, mwini wake ndi Mulungu, pakuti ulendo udakali wautali. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu amene wansembe amawatumikira ndi omwewa a kudimba, a kumsika ndi a pa chiliza, ndipo sangawamvetse ngati sanasenzeko nawo katundu wawo. Amayi Maria, amene tinakondwerera kukwezedwa kwawo kumwamba pa 15 Ogasiti, atipempherere ife pamodzi ndi makolo athu.

Mseminale wa Fomu 3