Ulendo wa pa Bwato ndi Agogo

Kumwera kwa Fingoè, m'boma la Marávia, kuli nyanja yaikulu. Dzina lake ndi Cahora Bassa. M'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanjayi mumakhala kamtsikana ka zaka 7. Kamaphunzira kalasi yoyamba.

Tsiku lina kunabwera uthenga wakuti azakhali ake abadwitsa mwana. Azakhaliwo amakhala kutsidya kwa madzi. Njira ya pansi ndi yaitali, ya miyala ndi mapiri. Agogo ake aamuna anati: "Mdzukulu wanga, mawa tipita pa bwato."

Mtsikanayo sanagone bwino usiku umenewo. Anali asanakwerepo bwato. Ankaopa ng'ona, ankaopanso mvuu.

Ananyamuka dzuwa lisanatuluke, cifukwa m'mamawa madzi amakhala bata. Masana mphepo imadzutsa mafunde. Amayi anawapatsa ufa, nsomba zouma ndi nsalu ya mwana.

Bwato la agogo ndi losemedwa ku mtengo umodzi. Ndi lalitali, koma ndi lopapatiza. Agogo anati: "Khala pansi, pakati penipeni. Usaimirire. Usaike dzanja m'madzi. Tenga cikho ici, uzikapa madzi akalowa."

Agogo anayamba kupalasa ndi nkhafi. Bwato linagwedezeka, mtima wa mtsikana unagunda. Koma anagwira cikho cake, nayamba nchito. Anaona asodzi a kapenta akubwerera kumtunda. Iwo amagwira nsomba usiku ndi nyali. Patali mvuu inatulutsa makutu. Agogo anakhotetsa bwato mwakacetecete, napita nalo kutali ndi mvuuyo.

Atafika pakati, agogo analeka kupalasa. Anavula cipewa. Anayang'ana m'madzi nthawi yaitali.

"Agogo, mwatopa kodi?"

"Iyayi, mdzukulu wanga. Pansi apa pali mudzi wathu wakale. Ine ndinabadwira pano. Pali minda yathu. Palinso manda a amayi anga."

Mtsikana anasuzumira, koma anangoona nkhope yake.

Agogo anafotokoza kuti kale kunalibe nyanja. Kunali mtsinje wa Zambezi wokha. Mu 1969 anthu anayamba kumanga khoma lalikulu pafupi ndi Songo, kuti madzi azipanga magetsi. Mu 1974 anatseka mtsinje. Madzi anakwera tsiku ndi tsiku, namiza midzi, minda ndi mitengo. Anthu ambiri anasamuka. Mpaka lero nyanjayi imafika ku Zumbo, kumalire a Zambia ndi Zimbabwe.

"Agogo, kodi bwato lathu lingafike ku mzinda wa Tete?"

"Silingafike. Khoma lija ndi lalitali mamita 171. Bwato lilibe miyendo yotsikira."

Mtsikana anaseka. Anakumbukira cithunzi cimene aphunzitsi anawaonetsa kusukulu.

"Agogo, ku England mabwato amakwera phiri!"

"Aa! Bwato kukwera phiri? Tandiuza."

Iye anafotokoza zonse monga anazimvera. Kumeneko anthu anakumba ngalande zazitali zoyendamo mabwato. Mabwato ake ndi aatali, koma m'mimba mwake ndi mamita 2 okha. Kale ankanyamula malasha, onga a ku Moatize, ndipo kavalo ankawakoka ndi cingwe. Lero ali ndi injini. Anthu ena amagonamo ndi kuphikiramo. Amayenda pang'onopang'ono ngati munthu wa pansi.

Pa citunda amamangapo cipinda ca madzi. Cipindaco cili ndi zitseko kutsogolo ndi kumbuyo. Bwato limalowa, anthu natseka zitseko za kumbuyo. Kenaka amatsegulira madzi a kumtunda. Madzi amadzaza cipinda, ndipo bwato limakwera nawo. Akatsegula zitseko za kutsogolo, bwato limatuluka lili pamwamba. Pofuna kutsika, amacotsa madzi m'cipindamo.

Agogo anagwedeza mutu. "Ndiye kuti madzi ndiwo makwerero. Lero wandiphunzitsa, mdzukulu wanga."

Mphepo inayamba kuomba. Mafunde aang'ono anamenya bwato, madzi nalowa. Agogo anavala cipewa, napalasa mwamphamvu. Mtsikana anakapa madzi osapuma. Manja anamupweteka, koma sanalire, ndipo sanaimirire.

Anafika kutsidya dzuwa lisanafike pamutu. Azakhali anawalandira ndi nthungululu. Mtsikana anakhala pa mphasa, nanyamula mwana wakhandayo.

Madzulo anafunsa kuti: "Agogo, mwanayu akakula, adzadziwa bwanji pamene pali mudzi uja? Pamadzi palibe cizindikiro."

Agogo anamuonetsa mapiri awiri. "Bwato likafika pakati pa mapiri awo, pamenepo ndi kwathu. Iwe wapaona. Udzamuonetse ndiwe."

Pobwerera m'mawa mwake, mtsikana anayang'anitsitsa mapiri aja. Atafika pakati pake, iye ndiye anayamba kunena kuti: "Agogo, imani. Tafika kwathu."

Mafunso

1. Cifukwa ciani agogo ndi mdzukulu ananyamuka m'mamawa?
2. Chulani malamulo atatu a pa bwato.
3. Kodi bwato limakwera bwanji citunda ku England?
4. Funsani agogo anu kumene anabadwira. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.