Mlendo Wosaona

Aphunzitsi aja atamwalira ku Chipata, anasiya mndandanda wa mawu ndi miyambi imene anatola kwa zaka zambiri, wonse uli m'pulogalamu yoyenda pa Linux yokha. Ntchito youtsegula inagwera mdzukulu wawo wamkazi, popeza m'banjamo ndiye ankadziŵako za makompyuta.

Laputopu yake inali ya Windows. Choncho anaikamo VirtualBox, pulogalamu yomanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Pachingerezi yeniyeniyo amaitcha mwininyumba, ndipo yoyerekezayo amaitcha mlendo. Mayinaŵa anawasankha bwino, chifukwa mlendoyu sadziŵa konse za nyumba imene akugonamo: amangoona zimene wapatsidwa. Poopa kuti chuma cha agogo chingawonongeke, mtsikanayo anamudulira mlendoyo intaneti. Chifanizo cha Linux chimene anali nacho chinali cha Ubuntu Server, imene imabwera yopanda mawindo ndi zithunzi, malemba oyera pamdima basi. Pamenepo pulogalamu ya agogo sikanatseguka.

Anatsegula kaye khomo la NAT kwa kanthaŵi, nakopera Xorg ndi Xfce, natsekanso. Atalemba startx, sikirini inaphethira kamodzi, n'kubwerera kumdima.

"Kodi zatheka, mwanawe?" anafunsa agogo aakazi ali pakhomo.

"Pang'ono, agogo. Kagoneni, muona maŵa."

Maŵa linakhala mkuja. Usiku woyambawo anauthera akufufuza madalaivala a khadi la zithunzi la laputopu yake, ndipo ambiri amasocherera pomwepa. Mlendo saliona khadi limenelo. Amaona khadi labodza limene VirtualBox yamupangira, ndipo dalaivala wa khadi lenileni alibe naye ntchito.

Tsiku lachiŵiri anasiya kulota, naŵerenga Xorg.0.log, fayilo imene X amalembamo madandaulo ake. Chakumapeto kunali mizere yoyamba ndi (EE), ndi mawu akuti "no screens found". Anazimitsa mlendoyo, naloŵa m'makonzedwe ake, napeza kuti khadi labodzalo linali pa VBoxVGA. Analisintha kukhala VMSVGA, limene VirtualBox inayamba kusankhira alendo a Linux kuyambira mtundu wa 6.0 wa mu 2018, nakweza memori ya zithunzi kuchoka pa 16 MB kufika pa 128 MB. Mawindo anatulukira, koma ali opanikizika m'kabokosi kakang'ono.

Panatsala Guest Additions. Izinso zinakana, pakuti zimafunika kumangidwa mogwirizana ndi kernel imene ikuyenda, ndipo m'nyumba yotsekedwayo munalibe gcc, make kapena linux-headers. Khomo limene anatseka mwanzeru ndi lomwe linamusoŵetsa zipangizo. Anajambula snapshot kuti akalakwitsa abwerere pomwe anali, natsegulanso NAT mphindi zoŵerengeka. Pambuyo pake zenera linatambasuka mpaka m'mbali.

Magetsi anali atabwera madzulo amenewo. Anawaitana agogo, nawakhazika pampando, natsegula mndandandawo. Mawu anandandalika monga mmene malemu anawalembera, ka ŵ kali ndi chipewa chake paliponse, pakuti iwo sankalola kuti Malaŵi alembedwe wopanda chipewa.

Agogo anavala magalasi, naloza mawu amodzi ndi chala.

"Aŵa ndinawauza ndine. Anawamva kwa ine tikusenda chimanga. Tatsitsa pansi, mwanawe, tione ngati analemba tanthauzo lake bwino."