Za Masewera a Mdzukulu Wanga

Ndikuuzeni cimene cinandigwera kuno ku Mwaya. Tsiku lina madzulo, asodzi a usipa alikuyatsa nyali zao panyanja, mdzukulu wanga anadza nati, "Agogo, mundibwereke foni, ndilembetse masewera." Ndinampatsa. Koma posacedwa anayamba kundifunsa dzina langa lonse, tsiku langa lobadwa, ndi nambala ya foniyo. Pamenepo mtima wanga unati phaa.

Pakuti masewera amenewa sakhala m'foni mokha ai. Akhalanso m'makompyuta akuru a kutali. Potero cala cikakhudza galasi, mbiri ipita komweko; eni ace adziwa nthawi imene mwana ayamba ndi imene aleka, anzace amene asewera nao, ngakhale dera limene akhala. Tsono nambala ija ndinailembetsa ndi citupa canga ca boma, monga anatilamulira mu 2018. Zocita za mwana zidzalembedwa pa dzina la nkhalamba!

Musati ndi mantha a ukalamba cabe. Mu 2023 boma la America linalipiritsa kampani ya Microsoft madola 20 miliyoni, cifukwa inasunga mbiri za ana olembetsa Xbox makolo ao asanabvomere. Kwathu kuno lamulo loteteza mbiri za anthu linadza mu 2024. Koma ine wa ku Mwaya ndidzamuka bwanji kukadandaula tsidya lija la nyanja yamcere?

Ndinamkaniza. Analira, nakana nsima. M'mawa mwace ndinampeza pakhonde, alikusewera pa foni ya amalume ace.