Jekete Yachikopa ya pa Salaula

Ife amene timayenda pa njinga yamoto m'mamawa wa June tidziwa kuti jekete yachikopa si yodzionetsera ayi. Munthu akagwa pamsewu wa phula, chikopa cha ng'ombe ndicho chimasupuka m'malo mwa khungu lake.

Chifukwa chake posankha pa salaula ku Soweto sitithamangira kunyezimira. Timapinda pachigongono ndi pamapewa kuti tione ngati chikopa chikung'aluka, ndiponso timakoka zipi ndi misoko yomwe.

Tikafika kunyumba sitiiviika m'madzi. Timaipukuta ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono, nkhungu n'kuichotsa ndi viniga wosakaniza ndi madzi. Iume pamthunzi, kutali ndi mbaula, pakuti moto umaumitsa chikopa kuti gwa! Ikauma timaipaka mafuta a chikopa pang'onopang'ono. Mafuta a saladi, ngakhale ena amawayamikira, amayamba kununkha pakapita masabata.